Mwana Wofunsa Musamuletse

Kwa makolo ndi aphunzitsi: werengani nkhani iyi mokweza, pang'onopang'ono, ana ali kumvetsera. Mukhoza kuigawa masiku awiri kapena atatu.

Masewera a kunong'oneza

Ana inu, tiyeni tiyambe ndi masewera. Khalani pa mzere anthu khumi. Woyamba anong'oneze mnzake m'khutu mau awa: "Mbuzi ya agogo yabala ana awiri." Waciwiri anong'oneze wacitatu. Wacitatu anong'oneze wacinai. Mucite tero mpaka kumapeto. Tsono wotsiriza aimirire, anene mokweza zimene wamva.

Kawirikawiri mudzaseka. Mwina wotsiriza adzati: "Agogo abala mbuzi ziwiri!" Palibe amene anafuna kunama. Koma mau aja anasintha panjira. Wina sanamve bwino. Wina anaiwala. Wina anaonjezera pang'ono kuti nkhani ikome.

Nkhani yoyenda cotero, yopanda mwini wake, timaicha mphekesera. Mphekesera ya mbuzi imaseketsa. Koma mphekesera ya matenda ndi mankhwala imapha anthu.

Pali anthu ena amene nchito yao ndi kulondola mphekesera, monga mlenje alondola mapazi a nyama. Amafuna kudziwa kumene yacokera, kumene yadzera, ndi cifukwa cake anthu aikhulupirira. Anthu amenewa ndi ofufuza a ku yunivesite. Ine ndikuti nchito yao ndi yofunika monga ya namwino. Ndikutinso ana a pa Mualadzi akhoza kuigwira bwino, tikawalola kufunsa mafunso ndi kuphunzira m'cinenero cao.

Nkhani zimafika bwanji kwathu

Boma lathu la Chifunde lili m'malire ndi Zambia ndi Malawi. Tili ndi abale mbali zonse. Timaonana pa msika, pa maliro, pa ukwati ndi pogulitsa fodya. Wailesi imatibweretsera mau a maiko atatu. Masiku ano foni nayo imabweretsa mau ndi zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook.

Zimenezi ndi zabwino. Koma nkhani yoona ndi yabodza zimakwera njinga imodzi. Zimafikira limodzi pa citsime, pa cigayo ndi pa bwalo la mpira.

Agogo athu amakumbukira nthawi ya nkhondo, imene inatha m'caka ca 1992. Ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Zambia. Masiku amenewo munthu akamva kuti "thawani", sanali kufunsa kuti wanena ndani. Anali kunyamula mwana ndi kuthawa. Nthawi zina kunong'onezana kotero kunapulumutsa moyo. Cifukwa cake tisaseke munthu wokhulupirira mphekesera. Iye si wopusa. Ali ndi mantha, ndipo afuna kuteteza banja lake.

Koma matenda si asilikali. Kolera sitingaipambane pothawira kuthengo. Timaipambana podziwa coonadi.

Mau awiri ofanana

Mverani mau awiri a Cipwitikizi awa: cólera, cloro. Anenaninso mofulumira. Kodi sakumveka ngati amodzi?

Cólera ndi kolera, matenda oopsa otsegula m'mimba. Munthu amataya madzi ambiri ooneka ngati otsukira mpunga, ndipo amasanza. Akapanda thandizo akhoza kufa tsiku lomwelo. Tizirombo take timalowa m'thupi ndi madzi oipa kapena cakudya codetsedwa.

Cloro ndi mankhwala opha tizirombo timeneti m'madzi. Ndiwo ali m'botolo la Certeza limene ambiri timalidziwa. Mau amodzi ndi matenda, mau enawo ndi mankhwala ake.

Ku cigawo ca Nampula, kumpoto kwa dziko lathu, anthu a zaumoyo anali kuthira cloro m'zitsime. Mphekesera inabuka yakuti ali kuthira kolera. Anthu anakwiya. Anagumula nyumba za atsogoleri a m'midzi, anaononga malo osamalira odwala, ndipo ena mwa obwera kudzathandiza anaphedwa. Zimenezi zinacitika kangapo, m'zaka zosiyanasiyana.

Mphunzitsi wina wa ku Universidade Eduardo Mondlane, ku Maputo, anafuna kumvetsa. Dzina lake ndi Carlos Serra. Iye anali katswiri wa kakhalidwe ka anthu. Iye ndi anzake sanakhale mu ofesi ndi kuweruza. Anafufuza m'maboma a m'mbali mwa nyanja ku Nampula, kufunsa anthu ndi kulemba mayankho ao. M'caka ca 2003 anatulutsa buku lochedwa Cólera e Catarse.

Kodi anapeza ciani? Anapeza kuti vuto silinali kufanana kwa mau kokha. Anthu aja anali osauka, ndipo anali kudziona ngati otayidwa. Madzi abwino analibe. Thandizo silinali kuwafika. Tsono ataona anthu a boma ndi a mabungwe afika mwadzidzidzi ndi kuthira kanthu m'citsime, nthawi yomweyo anthu ali kufa, anati: "Awa ndiwo atipha." Cikhulupiriro cinali citatha kale kolera isanabwere.

Phunziro limeneli ndi lalikulu. Ukafuna kuthetsa mphekesera, kukalipa sikuthandiza. Kutumiza apolisi okha sikuthandiza. Uyenera kukhala pansi ndi kumva cimene cili kuwawa mumtima mwa anthu.

Vutoli silinathe. Mu Epulo 2024, bwato la asodzi linanyamula anthu ambiri kucoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique. Linamira panjira. Anthu pafupifupi 100 anafa, ndipo ambiri anali ana. Akuluakulu a cigawo ananena kuti anthuwo anali kuthawa cifukwa ca nkhani zabodza za kolera. Nampula ndi kutali, koma akulu anati: caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 kwa anansi athu ku Malawi, ndipo inafikanso m'cigawo cathu ca Tete.

Wofufuza amagwira bwanji nchito

Ana inu, mwina mukuganiza kuti wasayansi ndi munthu wovala malaya oyera, woyang'ana tizirombo pa galasi. Ameneyo alipo. Koma aliponso wasayansi amene zida zake ndi khutu, kope ndi colembera.

Iye akafika pamudzi amayamba kwa amfumu. Amapereka moni, amanena kumene wacokera ndi cimene wadzera. Akaloledwa amakhala pa mphasa ndi amai, abambo, acinyamata, asing'anga ndi atsogoleri a mapemphero. Aliyense amamufunsa cilolezo asanalembe mau ake. Maina a anthu sawaulula.

Mafunso ake ndi otere. Mwana akatentha thupi usiku, mumayamba kufunsa ndani? Apongozi, asing'anga, wogulitsa mankhwala pa msika, kapena anamwino? Mau a pa wailesi mumawamva onse? Cithunzi ico capacikwa pa khoma la cipatala, inu mukuonapo ciani? Nkhani iyi munaimva kwa yani, nanga iyeyo anaimva kuti?

Akatha kufunsa anthu ambiri amawerengera mayankho. Amayerekeza mudzi uwu ndi mudzi uwo. Amaona mau amene anthu awamva bwino ndi amene awasokoneza. Kenaka amayesa: uthenga umodzi aunena m'njira ziwiri, ndi kuona njira imene yafika pamtima. Potsiriza amalemba zimene wapeza, kuti ofufuza anzake aziyese ngati zili zoona. Amauzanso anamwino, a wailesi ndi a boma. Wofufuza wabwino amabwereranso kumudzi kuja kudzanena zimene anapeza.

Nchito imeneyi imafuna kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madontho awiri

Tsono tibwere pafupi, m'cigawo cathu. Poliyo ndi matenda opuwalitsa miyendo ya ana. Alibe mankhwala ociritsa, koma ali ndi katemera: madontho awiri m'kamwa.

Mu Febuluwale 2022 kunamveka kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Mu Meyi caka comweco anapezekanso mwana wa m'boma la Changara, kuno ku Tete. Dziko lathu linali lisanaone poliyo wa mtundu umenewo kuyambira 1992. M'caka ca 2022 ana 8 a m'cigawo ca Tete anapuwala nawo.

Makolo mukukumbukira anthu oyenda khomo ndi khomo atanyamula kabokosi kozizira. Anali kudonthezera ana m'kamwa ndi kuwapaka inki pa cala. Anabwera kangapo. Ena anafunsa kuti: "Bwanji abweranso? Mwana wanga analandira kale." Limeneli ndi funso labwino, ndipo lili ndi yankho. Madontho a ulendo umodzi sakwanira kuteteza mwana aliyense. Kubwereza kumalimbitsa citetezo ndi kutsekera kacirombo njira. Ana oposa 50 miliyoni analandira katemera ku Moçambique, Malawi, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe. Mu Meyi 2024 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse linalengeza kuti mliri umenewo watha.

Ku Nigeria zinayenda mosiyana m'caka ca 2003. Kumpoto kwa dzikolo kunabuka mphekesera yakuti madontho a poliyo amatseketsa kubala. Cigawo ca Kano cinaimitsa katemera pafupifupi caka cathunthu. Poliyo anaculuka, nadumphira ku maiko ena ambiri. Ana amene akanayenda anapuwala.

Mai wina wochedwa Heidi Larson anali kugwira nchito ku UNICEF nthawi imeneyo. Iye anaona kuti katemera analipo, galimoto zinalipo, koma cikhulupiriro cinasowa. M'caka ca 2010 anayambitsa gulu la ofufuza pa sukulu ina ya zaumoyo ku London. Nchito ya gululi ndi kumvetsera zimene anthu a m'maiko ambiri amanena ndi kuopa pa nkhani ya katemera, kuti mphekesera idziwike isanakule. Taonani, munthu akhoza kukhala moyo wake wonse pa nchito ya kumvetsera, ndipo nchitoyo ipulumutsa ana.

Cifukwa ciani ana athu

Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti mwa anthu 10 alionse a dziko lathu, amene anayamwira Cipwitikizi sakwana 2. Enafe tinayamwira zinenero zathu. Koma mapepala ambiri a kucipatala amalembedwa m'Cipwitikizi. Namwino wotumizidwa kuno nthawi zina amacokera kutali ndipo Cinyanja sacidziwa. Mai amagwedeza mutu mwaulemu, koma sanamve. Akatuluka amafunsa mnzake panja. Pamenepo ndi pamene mbuzi ya agogo iyambira ulendo wake.

Wofufuza wocokera kutali akafika kuno amafuna womasulira. Womasulira amafupikitsa mau. Mwambi amausiya. Nthabwala saimasulira. Ndipo pali zinthu zimene agogo sanganene kwa mlendo. Koma mwana wobadwira pa Mualadzi amadziwa kugwada popereka moni. Amadziwa kuti mai akati "mwana ali ndi liwombo" atanthauza ciani. Amadziwa mau oyenera pamaso pa apongozi. Zimenezi sizigulidwa ku Maputo kapena ku London. Iye ali nazo kale.

Cimene cimusowa ndi sukulu. Ndipo sukulu iyenera kuyambira pa cimene mwana adziwa. Kuyambira 1993 mpaka 1997 dziko lathu linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri. Kuyesaku kunali kuchedwa PEBIMO. Ku Tete anaphunzitsa m'Cinyanja ndi Cipwitikizi, ku Gaza m'Xichangana ndi Cipwitikizi. Amene anayendera makalasi amenewo anaona kuti ana anali omasuka kulankhula ndi kuyankha aphunzitsi. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalikira m'zigawo zina.

Mwana wophunzira m'cinenero cimene samva amaphunzira kubwereza mau ngati cinkhwe. Mwana wophunzira m'cinenero cake amaphunzira kufunsa kuti "cifukwa ciani?" Wobwereza mau ndiye wonyamula mphekesera. Wofunsa ndiye woiimitsa.

Ena adzatsutsa

Bambo wina adzati: "Cinyanja mwana amacidziwa kale. Ine ndamutumiza kusukulu kuti aphunzire Cipwitikizi, akapeze nchito." Bambo, mwanena zoona kuti Cipwitikizi ndi cofunika. Popanda ico mwana sangafike ku yunivesite. Adzafunanso Cingerezi. Koma sitikutaya Cipwitikizi. Mwana akadziwa kuwerenga m'cinenero cake, luso lomwelo amalinyamula kupita nalo ku cinenero caciwiri. Ndipo nchito imene tikunenayi imafuna munthu wa malilime awiri: limodzi lolankhula ndi adokotala, lina lolankhula ndi agogo.

Mai wina adzati: "Njira imeneyi ndi yaitali, ndipo ife ndife osauka." Sindingakunamizeni, mai. Ndi yaitali ndithu. Mwana ayenera kutsiriza pulaimale, kenaka sekondale mpaka kalasi 12. Akatero apite ku yunivesite zaka zinai kapena kuposa. Wofuna kukhala wofufuza weniweni amaonjezanso zaka zina. Sukulu zoterezi zilipo m'dziko lathu. Mu mzinda wa Tete muli gawo la Universidade Zambeze lophunzitsa zaumoyo. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, imene imaphunzitsanso za kufalitsa nkhani. Ku Marracuene kuli Instituto Nacional de Saúde, ndipo ku Manhiça kuli malo ofufuza matenda amene anatsegulidwa mu 1996. Si ana onse adzafika kumeneko. Koma amene adzaima panjira sadzataya kanthu. Adzakhala namwino wodziwa kufotokoza, mphunzitsi, muulutsi wa pa wailesi, kapena wothandiza zaumoyo m'mudzi. Ngakhale wotsala kumunda adzakhala kholo losanamizika msanga. Ndipo mwana wamkazi musamusiye. Nkhani zambiri za matenda a ana zimakambidwa pakati pa amai, ndipo kumeneko wofufuza wamkazi amalowa mosavuta.

Agogo ena adzati: "Mwana wofunsafunsa ndi wamwano." Agogo, mwano ndi kufunsa ndi zinthu ziwiri. Mwana aphunzire kufunsa mwaulemu, pa nthawi yake, atakhala pansi. Paja ndinu amene munatiuza kuti safunsa anadya phula.

Wina adzatinso: "Kodi a boma ndi a cipatala salakwa?" Amalakwa, pakuti ndi anthu. Nthawi zina mankhwala amatha. Nthawi zina wodwala amayankhidwa mwaukali. Wofufuza woona amalemba zimenezonso, monga anacitira Carlos Serra. Nchito yake si kuuza anthu kuti "khalani cete, mverani". Nchito yake ndi kunyamula mau mbali zonse ziwiri: a cipatala kupita kumudzi, ndi a kumudzi kupita kucipatala.

Mafunso atatu

M'mera mpoyamba. Mwana wa kalasi 1 akhoza kuyamba nchito imeneyi lero. Ana inu, mukamva nkhani yoopsa ya matenda kapena mankhwala, funsani mafunso atatu awa.

Loyamba: Wanena ndani?

Laciwiri: Kodi iye waona yekha, kapena wangomva?

Lacitatu: Ndani wina wodziwa amene tingamufunse?

Wodziwa ameneyo akhoza kukhala namwino, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi, kapena aphunzitsi. Musanapeze yankho, nkhaniyo musaipereke kwa wina. Madzi akatayika saoleka.

Inunso makolo, foni ikabweretsa mau a munthu wosadziwika, wonena kuti "tumizani kwa onse msanga", imani kaye. Funsani mafunso omwewa. Mwana akakufunsani cifukwa cake muthira Certeza m'madzi, muyankheni. Muonetseni muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo mudikire pamodzi mphindi 30 musanamwe. Akafunsa cifukwa cake mng'ono wake wotsegula m'mimba amwa madzi a mistura, muuzeni kuti abwezera madzi ndi mcere zimene zatayika m'thupi, pamene muli pa ulendo wa kucipatala. Ngati yankho simulidziwa, nenani kuti: "Sindidziwa, mwanangu. Mawa tikafunse." Mau amenewa si ocititsa manyazi. Wofufuza aliyense amayambira pomwepo.

Mankhwala amabwera pa galimoto. Koma kuti afike m'kamwa mwa mwana, payenera kukhala munthu amene amai amumva ndi kumukhulupirira. Munthu ameneyo mwina ndi uyo wakhala pafupi nanu, ali kumvetsera nkhani iyi. Akafunsa, musamuletse.

Zocita

1. Sewerani masewera a kunong'oneza ndi anzanu. Mau anasintha pati?

2. Nenani mau awa momveka: cólera, cloro. Ndi ati matenda? Ndi ati mankhwala?

3. Chulani mafunso atatu aja osayang'ana m'buku.

4. Funsani agogo kapena amalume nkhani imene anaimva kale, nazindikira pambuyo pake kuti sinali yoona. Anadziwa bwanji? Mawa mukauze anzanu m'kalasi.

5. Jambulani munthu wofufuza atakhala pa mphasa, ali kumvetsera.